Makalata a omvera: Prince, woimba amene anakana dzina lake pofuna nyimbo zake

Omvera athu okondedwa, chiulutsireni nyimbo za malemu Prince sabata yatha, makalata ndi mauthenga a pa foni achuluka kwambiri kuno ku Mzuzu, ndipo ndiyankha amene nthawi ingandilole.

Bambo a ku Luwinga akufunsa ngati dzina lakuti Prince anachita kudzipatsa yekha. Iyayi bambo, limeneli ndi dzina limene makolo ake anam'patsa atabadwa pa 7 Juni 1958 mumzinda wa Minneapolis ku America, ndipo lonse ndi Prince Rogers Nelson. Achemwali a ku Katoto akupempha kuti ndiziika Purple Rain, ya m'chaka cha 1984 ija, m'mawa uliwonse. Achemwali, mvula ya kuno ku Mzuzu yatikwana kale, tisachite kuitananso ina pa wailesi.

Kalata imene yandikhudza mtima ndi ya mayi a ku Mchengautuwa. Akuti mwana wawo wamwamuna wa zaka 19 akufuna kukhala woimba ngati Prince, koma bambo ake akukaniza, ati munthu amene anataya dzina lake n'kumadzilemba mawu akuti kapolo patsaya anali wamisala kapena wa Satana. Akupitiriza kunena kuti mwanayo anajambula nyimbo zinayi mu situdiyo ina m'tauni muno, ndalama analipira, koma mwini situdiyoyo akukana kum'patsa nyimbozo ponena kuti ndi zake.

Mayi, mukawauze bambo akunyumba mwaulemu kuti nkhani imene ikuwaopsa ija ndi yomweyo imene yagwera mwana wawo. Prince anasaina mgwirizano ndi kampani yojambula ndi kugulitsa nyimbo ya Warner Bros. asanakwanitse zaka 20, ndipo pa chimbale chake choyamba cha 1978 anapeka nyimbo, anaziimba, n'kuimbanso zida zonse yekha. Komabe matepi oyambirira a nyimbo zake, amene zimbale zonse zogulitsa zimachokerako, anali katundu wa kampaniyo, ndipo ndi iyo imene inkalamula nthawi yotulutsa zimbale. N'chifukwa chake mu 1993 anasintha dzina n'kutenga chizindikiro chosatheka kuchitchula pakamwa, moti atolankhani anasowa chochita, n'kumangomutcha woimba amene kale ankatchedwa Prince. Mawu a patsaya aja anali kuuza dziko lonse kuti munthu amene alibe ulamuliro pa ntchito ya manja ake amangogwirira ena. Anthu ambiri anamuseka, koma iye sanagonje. Anayambiranso kugwiritsa ntchito dzina lake mu 2000, ndipo mu 2014 kampaniyo inavomera kum'bwezera matepi ake. Za Satanazo ndikuzikana, chifukwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 analowa mpingo wa Mboni za Yehova ndipo ankalalikira khomo ndi khomo monga anzake onse.

Pamenepa ndiloleni ndilankhule ndi achinyamata, chifukwa dandaulo lomweli ndalilandiranso kuchokera ku Chiputula, ku Nkhata Bay ndi ku Karonga. Mumalowa mu situdiyo ndi chisangalalo chongofuna kudzimva pa wailesi, ndipo mukafunsidwa za pepala mumati ameneyu ndi mnzanga, tinagwirizana pakamwa. Ana anga, ubwenzi sutha chifukwa cha kulemberana, umatha tsiku limene nyimbo yayamba kubweretsa ndalama. Musanajambule, lemberanani kuti wapeka nyimbo ndani, wapanga zida ndani, nyimbo ikatha ikhala ya yani, ndipo pakhale mboni. Bungwe la COSOMA lakhalapo kuyambira 1992 kuti lizitolera ndalama za oimba ndi olemba, koma silingamenyere nkhondo nyimbo imene mwini wake sanailembetse. Inunso mayi, mutenge mwanayo ndi umboni uliwonse wa ndalama zimene analipira, kaya ndi uthenga wa pa foni, mukafunse uphungu ku bungweli musanakakangane ndi mwini situdiyo.

Koma sindikubisirani kuti Prince nayenso anasiya mpata waukulu umene umandipweteka mpaka lero. Munthu amene anamenyera nyimbo zake zaka zoposa 20 anamwalira pa 21 Epulo 2016 kunyumba kwake ku Paisley Park, ali ndi zaka 57, osasiya wilo. Panthawiyo analibe mkazi, ndipo mwana wake mmodzi yekhayo anamwalira ali wakhanda mu 1996. Chuma chake, chimene anachiwerengera kuti chinali pafupifupi madola 156 miliyoni, chinatha zaka zisanu ndi chimodzi chili m'khoti mpaka 2022, ndipo ena mwa abale ake oyenera kulandira anamwalira akudikira. Nyimbo zambiri zimene anazitsekera m'chipinda chapansi pa nyumba yake zikutulutsidwa tsopano mwa chifuniro cha anthu ena. Ife kuno timadziwa bwino mikangano ya chuma cha masiye, ndipo lamulo la 2011 loteteza chumacho lilipo, koma ambirife timaopabe kulemba wilo poganiza kuti ndi kudziitanira imfa.

Achimwene a ku Chibavi akufunsa ngati anachita kuphedwa. Ofufuza anapeza kuti anafa mwangozi ndi mankhwala amphamvu ochepetsa ululu otchedwa fentanyl, amene anali m'mapiritsi achinyengo ooneka ngati mankhwala ena, ndipo palibe amene anaimbidwa mlandu wa imfayo. Bambo a ku Rumphi, funso lanu lokhudza kaimbidwe kake ka gitala ndi lalitali, choncho tidzalitenga sabata ya mawa.