Musanatengere ana ku paki ya m'mbali mwa madzi

Moni makolo anzanga nonse amene mukumvera. Lero tikambe za ulendo wa ku paki ya zachilengedwe, ija ya m'mphepete mwa nyanja kapena mtsinje, kumene ana amakathamanga pamchenga akuluakulu akuonerera mbalame m'bango. Ndi malo abwino zedi, pitani nawo anawo. Koma mverani kaye.

Pa zonyamula sindichedwapo. Madzi akumwa okwanira aliyense, zipewa, zovala zosinthira chifukwa anawo akanyowa basi ngakhale muwaletse, nsapato zotseka zala poti m'madzi mumabisala mabotolo osweka, ndi jumbo yoti mubwerere nayo zinyalala zanu. Mafuta oteteza khungu ku dzuwa akhale a SPF 30 kapena kuposa apo (SPF ndi nambala yolembedwa pabotolo yosonyeza mphamvu ya mafutawo), ndipo muziwadzolanso pakatha maola awiri, komanso mwana akangotuluka m'madzi. Dzuwa limaopsa kwambiri kuyambira 10 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo. Khanda losakwana miyezi 6 lizikhala pamthunzi, ndipo mwana wachialubino avale zamikono yaitali ndi chipewa cha khonde lalikulu.

Mukafika musathamangire kuyala nsalu. Yambani mwawerenga zikwangwani, kenako funsani ogwira ntchito pamalopo: posambira ndi pati, kuya kumayambira pati, muli ng'ona kapena mvuu, nanga likodzo? Tizilombo ta likodzo timatuluka mu nkhono za m'madzi opanda mchere, makamaka odekha a m'bango ndi m'maudzu, ndipo timaboola khungu. Munthu amadwala ngakhale sanamwe madziwo. Muwalozerenso ana malo amodzi ooneka bwino, monga pachipata, oti wosochera akaime pomwepo.

Tsopano nkhani imene ndafuna muigwiritse ndi iyi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linanena kuti m'chaka cha 2021 anthu pafupifupi 300,000 anafa pomira m'madzi padziko lonse, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali mwana wosakwana zaka 5. Ambirife timaganiza kuti womira amakuwa n'kumamenya madzi. Ayi. Mwana womira nthawi zambiri amakhala chete. Pakamwa pake pamatulukira pamwamba kanthawi kongokwanira kukoka mpweya, mawu n'kuwapeza kuti? Muona thupi lili chilili m'madzi, mutu wapendekekera kumbuyo, tsitsi laphimba kumaso iye osalichotsa, mikono ikukanikiza madzi ngati akukwera makwerero osaoneka. Mphindi imodzi siikwana, wapita pansi. Mwana wamng'ono amamira ngakhale m'madzi ofika m'mawondo mwanu. Ndiye ana akamasewera n'kumasokosa, zili bwino. Mmodzi akangoti zii, thamangani mukamuone.

Ngozi zambiri zimachitika akuluakulu ali pomwepo, ambiri ndithu, aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akuyang'ana. Choncho sankhani munthu mmodzi, mumutchule dzina, mumuveke chipewa chodziwika. Kwa mphindi 15 ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi. Foni ikhale m'thumba, macheza ayi, mowa ayi. Nthawi ikakwana apereke chipewacho m'manja mwa wina, wolandirayo avomere ndi pakamwa kuti tsopano ndine. Mwana wosakwana zaka 5 akhale pamtunda woti mukatambasula mkono mwamugwira. Ndipo chonde, amayi ndi abambo, ntchito imeneyi musamusenzetse mwana wa zaka 10 chifukwa choti ndi wamkulu mwa anzake. Nayenso wabwera kudzasewera.

Timachubu topopa ndi tomangirira m'mikono tija ndi zidole, mphepo ikawomba timamutengera mwana kwakuya. Mukakwera boti aliyense avale jekete yoyandamitsa. Mukammanga mwana malamba, igwireni m'mapewa n'kuikokera m'mwamba. Ikakwera mpaka kumakutu ndiye kuti yamukulira, pemphani ina. Wina akayamba kumira, kuwani kuti anthu abwere, muponyereni chingwe kapena chigubu chopanda kanthu chotseka bwino, kapena gonani chafufumimba pagombe mumufikire ndi ndodo. Womira amakakamira aliyense womuyandikira, ndipo opulumutsa ambiri osaphunzira ntchitoyi amathera momwemo.

Bingu likagunda, nonse tulukani m'madzi nthawi yomweyo. Lowani m'nyumba kapena m'galimoto, osati pansi pa mtengo, ndipo dikirani mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza.

Za nyama, ana amakonda kuponyera abakha buledi. Aletseni. Bulediyo amakhutitsa mbalame koma alibe zomanga thupi lake, ndipo wotsala amawolera m'madzi n'kuchulukitsa ndere. Anyani mukawazoloweza kulandira chakudya m'manja, mawa akalanda ndi kuluma mwana wa wina. Yendani m'tinjira tolambulidwa, poti mbalame zina zimaikira mazira pamchenga penipeni, ofanana ndi timiyala.

Mukafika kunyumba, asambitseni ana ndipo muwafufuze nkhupakupa kuseri kwa makutu, m'mutu, m'khwapa ndi kuseri kwa mawondo. Mwana akadzayamba kutentha thupi kapena kukodza magazi patapita masabata kapena miyezi ingapo, pitani naye kuchipatala ndipo mukawauze adokotala kuti anasamba m'nyanja kapena mumtsinje. Akapeza likodzo, mankhwala ake alipo, dzina lake praziquantel.