Pulasitala asakhudze khungu: zimene zinayankhulidwa ku gulu la zisudzo

Zikomo, tiyeni tikhale pansi. Inu akumbuyo senderani kuno.

Nonse mwamva za Loweruka lija. Anyamata athu awiri ankafuna kupanga chisoti chamutu wa njati cha sewero, n'kuganiza zotenga chikombole pamutu pa mnzawo. Anakanda pulasitala, uja timati POP, n'kumumata pachipumi mpaka m'tsitsi. Mwana uja nsidze zathothoka, pachipumi pali matuza. Mwayi wake anakuwa msanga. Sinditchula maina, makolo awo ali pompano, ndipo ana aja ankafuna zabwino. Olakwa ndife akuluakulu, tinasiya thumba la pulasitala poyera osawaphunzitsa.

Mvetsetsani: pulasitala wokanda asakhudze khungu la munthu. Sauma ngati matope padzuwa ayi. Ufa uja ukakumana ndi madzi umasanduka mwala, ndipo posandukapo umatulutsa kutentha. Akachindikala amatha kufika madigiri 60, ndiye wagwira kale, sungamuchotse. Mu 2007 ku England, mtsikana wa zaka 16 anaviika manja m'chidebe cha pulasitala kusukulu. Manja anakanirira momwemo, anatsala ndi zala ziwiri zokha. Ziwiri zokha, abale anga. Asakhudze khungu.

Eya mayi, funsani.

"Nanga kuchipatala munthu akathyoka mkono amamumanga chikhakha, bwanji iwo sakupsa?"

Mwafunsa bwino mayi, ndipo ndikuganiza kuti n'zimene zinanyenga ana aja. Kumbukirani mmene amamangira. Amayamba ndi thonje, kukulunga mkono wonse, ndiye pulasitala sakhala pakhungu. Komanso sathira phala lochindikala, amagwiritsa ntchito bandeji yowazidwa ufa, kuzungulira mopyapyala, kutentha kumatuluka msanga. Madzi ake sakhala otentha, chifukwa madzi otentha amafulumizitsa kulimba, kutentha n'kuwonjezeka. Ngakhale apo, funsani amene anavalapo chikhakha, akuuzani kuti chimafunda. Ine ndili wamng'ono pantchitoyi ndinakandira madzi ofunda pofuna kuthamanga, mbale yapulasitiki inatentha moti ndinaitaya pansi. Inali mbale chabe, nanga chikanakhala chipumi cha mwana?

Odziwa akafuna chikombole cha mutu wa munthu amayamba ndi alginate, phala lofewa lija amatengera mano kuchipatala cha mano. Tsitsi amaliphimba, nsidze amazipaka Vaseline, mphuno siitsekedwa, ndipo pamakhala munthu woyang'ana dzanja la mnzakeyo, akalikweza basi zonse zichoke. Bandeji ya pulasitala imabwera pamwamba pa alginate. Koma pa chisoti, mutu wa munthu mukuufuniranji? Yezani ndi tepi, pangani mutu wa fomu kapena wa mapepala wofanana kukula, muonjezereko pang'ono kuti chisathine. Achinyamata inu mumakonda kudumpha poyeza, n'chifukwa chake zisoti zanu zimagwa pakati pa sewero.

Ndikuona ena ayamba kuyasamula, ndithamange.

Umbani njati yanu ndi dongo pamwamba pa mutu woyezera uja. Nyanga muumbe padera, zimakola m'chikombole. Imikani kakhoma kadongo kudutsa pakati, kuti chikombole chikhale cha mbali ziwiri, ndipo bowolani timaenje pakakhomako kuti mbalizo zizidzalumana bwino. Pokanda, ufa ndiwo umathiridwa m'madzi, osati madzi mu ufa, ndipo mphuno muphimbe. Matani mbali imodzi, limbitsani ndi zidutswa za chiguduli. Ikalimba chotsani kakhoma, pakani sopo m'mphepete mokha, matani inayo. Tsegulani, kokolani dongo lonse, chikombole chiume masiku angapo.

Kenako mangani mbali ziwirizo, thirani latex, mphira wamadzi uja. Pulasitala amayamwa madzi ake, m'kati mumatsala chikopa. Khuthulani wotsala, chiume, bwerezani mpaka chichindikale. Chitani panja, fungo la amoniya limalasa m'maso. Musanasende wazani paudala kuti chisamatane. Vaseline asakhudze latex, amamuwononga. Penti wa akiliriki sakanizani ndi latex pang'ono kuti asasweke. Ena latex amawayabwitsa ndi kuwatupitsa, ndiye wovala afunsidwe kaye.

Zotsala za pulasitala musatsukire m'sinki, zimatseka mapaipi. Thumba lija kuyambira lero likhala lokhomeredwa, ofuna kukanda abwere ndi wamkulu. Loweruka tikumana ndi dongo ndi matepi oyezera, mwana aliyense abwere ndi kholo lake.