Makalata Anu: Apolisi atatu amene sanamangepo munthu

Takulandiraninso, omvera athu, ku gawo la makalata. Sabata yatha tinaika nyimbo ziwiri za The Police, gulu la ku Britain la chamba cha new wave, ndipo sindinkadziwa kuti ndikuutsa mapiri pachigwa. Makalata abwera ambiri, ine ndasankhapo anayi. Yoyamba yachokera kwa bambo wina wa ku Chinamwali, ku Zomba, mphunzitsi wopuma ntchito. Akuti:

"Achimwene, mwandikumbutsa kale. Mkulu wanga atabwera kuchokera kusukulu ku Mangalande anandipatsa kaseti ya anyamata amenewa. Ndinaimvera mpaka wailesi inatafuna tepi, ine n'kumaikulunga ndi bolopeni. Koma ndakalamba ndi funso limodzi: kodi anali apolisi enieni ngati Police Orchestra yathu ija?"

Zikomo aphunzitsi. Ayi, panalibe wapolisi ngakhale mmodzi. Chimene chikusangalatseni n'chakuti mwini mawu aja anali mnzanu wa choko. Dzina lake lenileni ndi Gordon Sumner. Masana ankaphunzitsa ana ku Cramlington, kufupi ndi Newcastle, usiku n'kumakaimba jazi ndi gulu la Last Exit. Loti Sting, lomwe ndi mbola ya njuchi, anamupatsa anzake chifukwa ankakonda kuvala juzi ya mizere yakuda ndi yachikasu. Amene anayambitsa gululi, komanso kulitcha dzina, ndi woyimba ng'oma Stewart Copeland, wa ku America koma wokulira ku Beirut, mwana wa kazitape wa CIA. Anamuona Sting akuimba ku Newcastle kumapeto kwa 1976, ndipo mu 1977 awiriwa anali limodzi ku London. Wa gitala woyamba anali Henry Padovani wa ku Corsica, koma sanakhalitse. Malo ake anatenga Andy Summers, yemwe ankawaposa anzakewo ndi zaka pafupifupi khumi ndipo anali atadya kale mchere wambiri m'magulu ngati The Animals.

Musaganize kuti anayamba ali ndi kanthu m'thumba. Chimbale choyamba, Outlandos d'Amour cha 1978, anachijambula ndi ndalama zobwereka kwa mkulu wake wa Copeland, Miles, yemwe anakhala manijala wawo: mapaundi 1,500 basi. Tsitsi loyera mbee lija munkaliona pachikuto cha kaseti yanu linali lochita kudaya, pofuna ganyu yotsatsa chingamu cha Wrigley's. Chaka chomwecho anakazungulira America m'galimoto imodzi, zida ndi anthu momwemo.

Kalata yachiwiri ndi yaukali ndithu. Yachokera kwa mnyamata wa ku Chileka:

"Mukutiikira azungu akuba inu. Imene ija ndi reggae ya anthu akuda, angoithira shuga. Bwanji osaika eni ake?"

Mphwanga, munthu wa ku Chileka akamayankhula za reggae ine ndimayamba ndamvetsera. Makutu anu sanakunamizeni, ndipo eni akewo sanabise. Chimbale chawo chachiwiri cha 1979 anachitcha Reggatta de Blanc, mawu opeka amene anthu amawamasulira kuti reggae ya azungu. Sting anavomera yekha kuti "So Lonely" anaiumba potengera "No Woman, No Cry" ya Bob Marley. Kumbukiraninso kuti London ya 1977 inali yodzaza ndi ana a anthu ochokera ku Jamaica. Marley yemweyo ankakhala konko chaka chimenecho, atapulumuka chipolopolo kwawo, ndipo ku Roxy, kalabu ya punk (rock yaphokoso ndi yothamanga), Don Letts ankaikira achinyamata achizungu mbale za reggae.

Pamene tisiyane maganizo ndi pa mawu oti angothira shuga. Tcherani khutu bwino ku "Walking on the Moon". Besi ya Sting imagunda pang'ono n'kukhala chete, Copeland amatekenya hi-hat, timbale tachitsulo ta pang'oma, ngati akusewera, gitala ya Summers imalira kamodzi n'kumamveka ikubwereza yokha kutali. Anali anthu atatu okha, ndiye reggae inawaphunzitsa kuti mpata wopanda phokoso nawonso ndi nyimbo. M'nyimbo zina, vesi imayenda mwa reggae, kolasi n'kuthamanga mwa punk. Zimenezo ku Kingston, ku Jamaica, kunalibe. Koma pa nkhani ya ndalama ndili kumbali yanu. Steel Pulse ya ku Handsworth, ku Birmingham, ndi Aswad ya ku London ankaimba reggae yeniyeni m'dziko lomwelo, nthawi yomweyo, ndipo sanayandikire n'komwe chuma chimene atatuwa anakolola. Steel Pulse tiika sabata yamawa, ndalonjeza.

Tsopano kalata imene yandisowetsa tulo. Mayi wina wa ku Area 25, ku Lilongwe, walemba kuti:

"Mwana wanga wamkazi akukwatiwa mwezi wamawa. Ine ndi bambo ake tikufuna kuti polowa m'holo aike 'Every Breath You Take', chifukwa ndi nyimbo imene tinkavina tili pachibwenzi. Mutiuze mbiri yake kuti a MC adzafotokozere anthu."

Mayi, mafuno abwino onse kwa ana athuwo. Koma ndikakubisirani ndikhala ndakulakwirani: nyimbo imeneyi si ya ukwati. Sting anailemba mu 1982 ali ku Jamaica, m'nyumba ya Goldeneye yomwe kale inali ya Ian Fleming, mlembi wa James Bond, banja lake loyamba ndi Frances Tomelty likutha. Amene akuyankhula m'nyimbomo ndi mwamuna wosiyidwa, wansanje, amene akuuza mkazi kuti kulikonse apite diso lake lili pa iye. Kwathu kuno mkamwini wotere timamuitanira ankhoswe. Sting wanenapo kambirimbiri kuti ndi nyimbo yoopsa, ndipo amadabwa anthu akamamuuza kuti anakwatitsira ukwati wawo.

Si inu nokha amene munakopeka, mayi. Kagitala kaja kamanyengerera. Nyimboyi inakhala pa nambala wani ku America masabata 8 mu 1983, ndipo chimbale chake, Synchronicity, chinachotsa pampando Thriller ya Michael Jackson. Ana anu mwina amaidziwira kwina: mu 1997 Puff Daddy ndi Faith Evans anatenga gitala yomweyo n'kuikamo m'nyimbo yolira maliro a Notorious B.I.G. Ndiye taonani, nsanje uku, maliro uku. Ngati mukufunabe The Police paukwatipo, tengani "Every Little Thing She Does Is Magic" ya 1981. Ndi yosangalala, imavinika, ndipo ngakhale pa perekaniperekani ingagwire ntchito.

Yomaliza ndi kauthenga kafupi kochokera ku Mzuzu: "Anatha bwanji poti anali pamwamba?"

Anatha chifukwa chotopetsana. Gulu linali la Copeland, koma nyimbo zogulitsa ankalemba ndi Sting, ndipo atambala awiri m'khola limodzi mukudziwa mmene zimakhalira. Pojambula Synchronicity pachilumba cha Montserrat aliyense ankaimbira m'chipinda chakechake, mbali ina pofuna kuti mawu amveke bwino, koma mikangano inalinso yosabisika. Mu August 1983 anaimba pamaso pa anthu pafupifupi 70,000 ku Shea Stadium, ku New York, ndipo Sting anaona kuti kuposa apo kulibenso kokwera. Ulendowo utatha ku Melbourne mu March 1984, aliyense analowera kwake, atatulutsa zimbale zisanu zokha. Anayesa kubwerera mu situdiyo mu 1986, koma Copeland anagwa pahatchi n'kuthyoka fupa la paphewa, osatha kugwira ng'oma. Anadzakumananso mu 2007 n'kuzungulira dziko lonse, n'kutsekera ku Madison Square Garden mu August 2008.

Nthawi yatithera. Mayi a ku Area 25, itanani bambo abwere pafupi ndi wailesi, mumve limodzi imene ndakusankhiraniyi, kenako mundilembere zimene mwagwirizana.