Ndege zogona mu shedi: zomwe zinakambidwa pa mkumano wa aMalawi ku Joni

Zikomo a tcheya, zikomo amayi ndi abambo nonse. Amayi kumbuyo uko mukundimva? Chabwino. Andipatsa kanthawi tisanalowe nkhani ya zopereka za maliro nde ndiyesetsa kuthamanga, koma mukundidziwa kale ine ndikayamba kuyankhula mabuleki amavuta.

Mwezi watha titaweruka achimwene ena anandigwira panja apo, akuti kodi mlandu wa a Zuma umangoimitsidwa ku Pietermaritzburg uja unayambira pati, mesa akuti ndi za zida zankhondo, nanga ife zikutikhudza bwanji. Ndinawauza kuti ndidzayankhira pagulu. Zikutikhudza chonchi, ukagula sopo, airtime, nsapato za mwana, pali VAT, pano ndi 15% kale inali 14, ndipo pa till safunsa pemiti. Amene tinabwera kuno kale tinabweza nawo ngongole ya zida zimenezi kwa zaka pafupifupi 20 osadziwa nkomwe.

Mu December 1999 boma la South Africa linasaina ma kontrakiti ogula zida, anthu amangoti Arms Deal. Zombo zankhondo 4 ndi sitima zoyenda pansi pa madzi 3 kuchokera ku Germany, ma helikopita 30 a Agusta ochokera ku Italy, ndege zophunzitsira 24 zotchedwa Hawk za kampani ya BAE ya ku Britain, komanso ndege zomenyera nkhondo za Gripen za Saab ya ku Sweden zomwe zinadzafika zilipo 26. Mtengo omwe anthu anauzidwa unali R30 biliyoni. Kumbukirani nthawi imeneyo tsankho langotha kumene, anthu ali pa mzere kudikira nyumba za RDP zomwe boma limamangira anthu osauka, Edzi ikusesa, ndipo panalibe dziko loyandikana nalo lomwe limaopseza. Ine sindikunena kuti dziko lisakhale ndi asilikali okhala ndi zida zabwino ayi, zombo zawo zinalidi zokalamba. Nkhani yanga ili pa kagulidwe, ndi amene amayenera kulondera kagulidweko.

Nanga anthu anavomera bwanji? Anawanyengerera ndi chinthu chotchedwa ma offset. Akuti makampani amene atigulitse zida abweretsanso mabizinesi kuno oposa R100 biliyoni ndi ntchito 65,000. Taganizani, munthu akuuze kuti undigule njinga ya K30,000 ine ndikubwezera K100,000, mesa ungayambe wayang'ana kaye ngati munthuyo ali bwinobwino? Koma zinadutsa. Kampani ya ku Germany ya sitima zapansi pa madzi ija inalonjeza fakitale yaikulu ya zitsulo ku Coega kufupi ndi Port Elizabeth, fakitale imeneyo sinamangidwe. Ndiponso ngongole inali mu ndalama zakunja, posaina dollar inali cha pa R6, pofika December 2001 inadutsa R13, nde mukudziwa nokha inu otumiza ndalama kumudzi kuti rate ikasintha zimakhala bwanji.

Tsopano apa mvetserani bwino chifukwa ndi pomwe kuononga kumayambira, mu ma ofesi, pa pepala, mfuti isanalire ngakhale imodzi. Pa ndege zophunzitsira zija akatswiri a air force anayesa ndege zosiyanasiyana ndipo inapambana inali ya ku Italy, Aermacchi, mtengo wake pafupifupi theka la Hawk. Nduna ya chitetezo nthawi imeneyo a Joe Modise anati ayi, tawerengeraninso koma mtengo muuchotsemo. Eee, mwamva bwino, kusankha katundu osayang'ana mtengo. Atachotsa mtengo Hawk inapambana. Mlembi wamkulu wa unduna, General Pierre Steyn, yemwe ntchito yake inali kuyankha za ndalama za undunawo, anatula pansi udindo mu 1998 chifukwa sanagwirizane ndi mmene zinthu zimayendera, amati ndalama zake mu bajeti mulibe. Ndiye wamkulu woona zogula zida anali Chippy Shaik, pomwe mchimwene wake Schabir Shaik anali ndi gawo mu kampani yomwe inapeza nawo ntchito pa zombo zija. Banja limodzi, wina ali mbali yogula wina mbali yogulitsa.

Mwina wina afunsa, nanga palamenti inali kuti? Funso lake ndi lomwelo. Ku palamenti kuli ma komiti awiri omwe amayenera kukhala maso pa zinthu ngati izi. Ina ndi ya chitetezo, imaona zomwe asilikali akufuna kugula. Ina ndi Scopa, yofanana ndi PAC (Public Accounts Committee) yathu ya ku palamenti ku Lilongwe ija, imatenga lipoti la auditor general nkuitana akuluakulu a boma kuti tafotokozani ndalama iyi inapita kuti.

Tiyambe ndi komiti ya chitetezo. Tcheya wake anali a Tony Yengeni. Mu 1998, ma tenda ali mkati, bambowa anapeza Benz ya 4x4 pa mtengo wotsitsidwa pafupifupi ndi theka, kudzera ku kampani yomwe inali nawo pa mpikisano wogulitsa zida, ndipo sanaulule ku palamenti. Mlonda wapatsidwa ndiwo ndi munthu amene akufuna kulowa m'nkhokwe, mukuganiza akuwa usiku? Nyuzipepala ndi zomwe zinavumbulutsa mu 2001. Mu 2003 anavomera mlandu wa chinyengo, anagamulidwa zaka 4, analowa ndende mu August 2006 akuperekezedwa ndi anzawo akuluakulu a chipani ngati akupita ku ukwati, January 2007 anali atatuluka. Miyezi yosakwana isanu. Inu kagwidweni ndi foni yakuba muone ngati mutuluke msanga choncho.

Koma si onse anagona. Mu September 1999, ma kontrakiti asanasainidwe, mayi Patricia de Lille, nthawi imeneyo phungu wa PAC, osati komiti ija koma chipani cha Pan Africanist Congress, anaimirira mu palamenti ndi mapepala nkunena kuti muli ziphuphu umu, fufuzani. Anawanyoza heavy. Chaka chotsatira auditor general a Shauket Fakie anatulutsa lipoti losonyeza kuti ndondomeko zina sizinatsatidwe, lipotilo linapita ku Scopa, ndipo kumeneko kunali anthu awiri omwe ine ndimawavulira chipewa. A Gavin Woods a chipani cha IFP omwe anali tcheya, ndi a Andrew Feinstein omwe amatsogolera aphungu a ANC mu komitimo. Zipani zosiyana koma anagwirizana kuti apa pakununkha. Chakumapeto kwa 2000 komiti inapempha kuti pakhale kafukufuku wa mabungwe angapo, ndipo mwa iwo mukhale gulu la Judge Willem Heath lomwe linali ndi mphamvu yopita kukhoti kukathetsa kontrakiti ndi kubweza ndalama za boma. Gulu limeneli ndi lomwe linali ndi mano.

January 2001 pulezidenti wa nthawiyo a Thabo Mbeki anaonekera pa TV usiku nkunena kuti a Heath salowamo. Chifukwa chomwe anagwirapo, ndipo tinene chilungamo chinalipodi, nchoti khoti la Constitution linali litangogamula kuti judge sakuyenera kutsogolera gulu lofufuza ngati limenelo. Koma zomwe zinatsatira ndi zomwe zimaonetsa mtima. Mwezi omwewo a Feinstein anachotsedwa pa utsogoleri wa aphungu a ANC mu Scopa, ndipo chief whip, mkulu woyang'anira aphungu a chipani mu palamenti, amene amayendetsa zosinthazo anali ndani? A Yengeni omwe aja, a Benz. Mu komiti munalowetsedwa anthu omvera. August 2001 a Feinstein anachoka mu palamenti, kumayambiriro kwa 2002 a Woods nawo anatula pansi utcheya. Basi, komiti inatsala ndi dzina.

Apa ndiime pang'ono chifukwa ambiri sitidziwa mmene aphungu amasankhidwira kuno. Kwathu phungu ndi wa dera, mukamutopa mumamugwetsa, ndipo ena amaluza ma primary nkuima paokha nkupambana. Kuno nthawi imeneyo umavotera chipani basi, chipani ndi chomwe chimalemba mndandanda wa maina, chikakuchotsa mpando wapita, malipiro apita, nyumba ya ku Cape Town yapita. Ndiye phungu wa chipani cholamula akafunse mafunso owawa kwa nduna yomwe ndi bwana wake ku chipani? Amayamba waganiza za fizi ya ana. Malamulo onse analipo, Constitution yawo ndi yabwino kwambiri pa pepala, imanena kuti nduna ziziyankha ku palamenti, koma munthu wogwira lamulolo m'manja anali atagwidwa pakhosi. Sikuti kwathu zonse zili bwino, nafenso tikudziwa mmene aphungu amasinthira nyimbo akaona kuti boma lasintha.

Lipoti la ofufuza atatu otsalawo, auditor general, public protector ndi mkulu wozenga milandu, linatuluka November 2001 nkunena kuti boma palibe chomwe linalakwa pa ma kontrakiti akuluakulu. Patapita zaka wabizinesi wina yemwe analuza tenda, Richard Young, analimbana kukhoti mpaka anapatsidwa ma draft a lipotilo, nkupezeka kuti mfundo zina zoluma zomwe zinali mu ma draft mu lipoti lomaliza munalibe.

Kenako inabwera commission. A Terry Crawford-Browne, bambo wina yemwe kale amagwira ku banki, anakakamira kukhoti la Constitution mpaka mu 2011 a Zuma, ali pulezidenti, anakhazikitsa commission ya Judge Willie Seriti. Inadya ndalama zoposa R130 miliyoni, mu 2016 nkutulutsa lipoti loti palibe umboni wa ziphuphu. Mabungwe a Corruption Watch ndi Right2Know anakasuma, ndipo mu August 2019 khoti lalikulu ku Pretoria linataya zotsatira za commission yonseyo, linati sinafufuze moyenera. Ndalama yoonongeka pofufuza ndalama yoonongeka, kaya mumazitcha chani zimenezo.

Nanga katunduyo? Apa nde pamandipweteka ine. Mukudziwa anyamata athu amene amagula galimoto yapamwamba kuno nkuitengera kumudzi pa Khisimisi, anthu nkumaimika manja, ikangofa kachipangizo kamodzi komwe ku Mzimba kapena ku Mangochi sikapezeka basi imakhala pa njerwa nkhuku nkumaikira mazira mkatimo. Boma linachita zomwezo. Kugula ndege ndi chiyambi chabe, pamafunika mafuta, ma spare, amakaniko, ndi ma pilot oti aziuluka pafupipafupi kuti asaiwale. Mu 2013 nduna ya chitetezo mayi Nosiviwe Mapisa-Nqakula anauza palamenti kuti ma Gripen 12 mwa 26 aja angosungidwa chifukwa ndalama zowaulutsira palibe. Chakumapeto kwa 2021 onse anaima, palibe ndi imodzi yomwe imauluka, kontrakiti yokonzera inali itatha ndipo yatsopano ndi Saab inadzasainidwa mu 2022. Sitima imodzi yapansi pa madzi, SAS Manthatisi, inakhala pa doko zaka zingapo osalowa m'madzi kuyambira cha mu 2007. Funso loti tikagula tizidzaziyendetsa ndi chani ndi lophweka, mayi aliyense wa geni amalifunsa asanagule fuliji, ndipo ndi lomwe komiti ya chitetezo imayenera kukakamira isanamve fungo la Benz.

Chomwe chimavuta pa ndalama za asilikali, kulikonse, ndi mawu amodzi aja, chinsinsi cha chitetezo cha dziko. Ukangofunsa amati usafunse, adani angamve. Zoona zilipo zobisa, komwe asilikali agona usiku uno sitikuyenera kudziwa. Koma mtengo wa ndege? Amene wapambana tenda? Amene walandira commission? Kampani yogulitsa ikudziwa, banki yokongoza ikudziwa, osadziwa ndi inu nokha olipira. Ndipo ngati zilidi zobisa, komiti itha kukhala chitseko chotseka nkuona mapepala onse, bola aphungu a mbali zonse akhalemo.

Kwathunso tinalawako. Mu 2013, nthawi ya mayi Joyce Banda, mkangano wa nyanja ndi Tanzania uli pamoto, boma linapanga mgwirizano ndi kampani ya konkuno ya Paramount Group wokhudza mabwato olondera pa nyanja ndi zida zina, ndalama yomwe inatchulidwa inali $145 miliyoni. Mu 2014 boma la a Peter Mutharika litalowa, a Goodall Gondwe ali nduna ya zachuma, linalengeza kuti likuthetsa mgwirizanowo ati ngodula. Ine sindikuweruza kuti wolondola anali ndani, ndikungoti aMalawi ambiri tinamva za ndalama imeneyo koyamba tsiku lomwe amati aithetsa. Nde mukapita kumudzi phungu wanu akabwera pa maliro ndi thumba la ufa, landirani, koma mumufunseko kuti ali mu komiti iti ndipo lipoti la auditor general lomaliza analiwerenga. Muone nkhope.

Tsopano achimwene aja, yankho lanu. Schabir Shaik anali mlangizi wa a Zuma pa zachuma. Mu June 2005 khoti la ku Durban linamupeza wolakwa pa katangale ndi chinyengo, zaka 15, ndipo mbali ina ya mlanduwo inali yoti anakonza zoti kampani ya ku France, Thomson-CSF yomwe pano ndi Thales, imodzi mwa makampani a Arms Deal, izipereka R500,000 pa chaka kwa a Zuma kuti aziiteteza pa kafukufuku uja. Mwezi omwewo a Mbeki anachotsa a Zuma pa u vice. Shaik anatuluka mu 2009 ati akudwala kwambiri. Milandu ya a Zuma inathetsedwa mu 2009, inabwezeretsedwa mu 2018, mu May 2021 anaima mu khoti nkukana milandu yonse, Thales nayo ikukana, ndipo kuyambira pamenepo yakhala nkhani ya ma apilo ndi kufuna kuchotsa wozenga mlandu a Billy Downer. Mwana amene anabadwa tsiku losaina ma kontrakiti aja pano ali ndi ana ake.

A tcheya akundilozera wotchi. A msungichuma bwerani ndi buku lija, ndipo muwerenge mokweza, ma risiti a mwezi watha tikufuna tiwaone tonse.