Digiri ya criminal justice: kodi ndalama zake zimabwerera?

Moni abale anga, kulikonse kumene mukumvera. Kuno ku Indiana kwazizira koopsa, ndiye mukamva kaphokoso chapansipansi musadabwe, ndi makina otenthetsa m'nyumba.

Sabata yatha mayi ena ananditumizira uthenga pa WhatsApp. Mwana wawo akufuna kudzaphunzira criminal justice kuno ku America, maphunziro a zaupolisi, makhoti ndi ndende. Funso lawo linali lalifupi: "Achimwene, poti inu munaphunzira zomwezi, kodi tilowe m'ngongole?" Amayi, ndikuyankhani pano kuti enanso amve nawo.

Ine ndinabwera ndi green card ya lotale ija, chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito kuno ku America. Ntchito yanga yoyamba inali ya ulonda, usiku, pa nyumba yosungiramo katundu. Masana ndinkapita ku community college, makoleji a zaka ziwiri otsika mtengo aja, kenako ndinasamukira ku yunivesite ya boma kukamaliza zaka ziwiri zotsalazo. Mumtima ndinkati ndikangolandira pepala, yunifolomu ya polisi ndavala. Nditapita kukafunsira ntchito, funso loyamba silinali la digiri ayi. Anandifunsa ngati ndili nzika. Ndinabwerera ku ulonda, digiri ili m'kabati.

Chinandiwawa kwambiri ndi chakuti anyamata amene analembedwa nthawi imeneyo, ambiri analibe digiri. Maofesi ambiri a polisi kuno amangofuna satifiketi ya sekondale, zina zonse amakakuphunzitsa okha kusukulu yawo ya apolisi. Ndipo malamulo amasiyana dera ndi dera. California inachotsa lamulo la unzika mu 2023, tsopano imangofuna kuti ukhale ndi chilolezo chogwira ntchito. Madera ambiri sanasinthe. Wa green card amadikira zaka zisanu asanapemphe unzika, ndipo ine ndinazidikira ndikuzungulira mpanda ndi tochi.

Tiyeni tikambe ndalama. Malinga ndi Bureau of Labor Statistics, ofesi ya boma la America yosunga ziwerengero za ntchito, mu 2023 malipiro apakati a wapolisi kapena wofufuza milandu anali pafupifupi madola 75,000 pachaka. Woyang'anira akaidi, cha m'ma 53,000. Mlonda, cha m'ma 37,000. Probation officer, ntchito imene ndikugwira pano, cha m'ma 62,000. Msonkho usanadulidwe, musaiwale. Mwa ntchito zinayizi, imene kawirikawiri imafunadi digiri ndi yangayi basi. Ndimayang'anira anthu amene khoti lawalola kugwira chilango chawo ali kunja kwa ndende, ndipo nditalandira unzika digiri ija inadzuka n'kundigwirira ntchito. Koma taonani, wapolisi wopanda digiri akhoza kundiposa malipiro, makamaka akaphatikiza ovataimu.

Banki ya Federal Reserve ya ku New York imatsata kumene omaliza maphunziro amathera. Criminal justice imakhala pamwamba penipeni pa mndandanda wosasangalatsa: pafupifupi anthu 7 mwa 10 aliwonse amene angomaliza kumene amagwira ntchito zosafuna digiri. Ine ndinali mmodzi wa iwo, ndiye sindikunena za anthu achilendo.

Sikuti pepalalo ndi lopanda pake. Kwina limakweza malipiro. Ku Massachusetts kuli lamulo la mu 1970 lotchedwa Quinn Bill, limene linkawonjezera wapolisi 20 peresenti akakhala ndi digiri yoyamba ndi 25 akakhala ndi masitazi, ngakhale masiku ano zimatengera tauni imene ukugwirako. Pokwezedwa udindo limathandizanso. Palinso dongosolo la Public Service Loan Forgiveness, limene linayamba mu 2007: ukagwira ntchito ya boma n'kulipira ngongole ya sukulu ka 120, ndiye kuti zaka khumi, yotsalayo amaikhululuka. Koma ndi ngongole za boma la America zokha, zimene wobwera ndi viza ya sukulu sapatsidwa.

Apa ndiye pagona nkhani yanu, amayi. Mwana wanu akabwera ndi viza ya sukulu, yotchedwa F-1, fizi yonse ituluka m'thumba mwanu, ndipo pa yunivesite ya boma adzalipira mtengo wa anthu akunja, umene umaposa kutali wa eni dera. Ntchito amaloledwa maola 20 okha pa sabata, pasukulu pomwepo. Akamaliza amapatsidwa miyezi 12 yogwira ntchito. A zasayansi ndi makompyuta amawonjezeredwa miyezi ina 24, koma criminal justice wamba sailowetsa m'gulu limenelo. Ndiye m'chaka chimodzicho akagwira kuti, poti ntchito zambiri za m'gawoli ndi za boma?

Achinyamata ambiri amandiuza kuti akufuna FBI, bungwe la boma la America lofufuza milandu ikuluikulu. Mafilimu anatipweteka, abale. Pa ntchito ya ofufuza milandu, FBI yakhala ikufuna nzika ya America, yazaka zoyambira 23, yokhala ndi digiri, koma digiri ya phunziro lililonse. Wowerengera ndalama kapena katswiri wa makompyuta amamulandira ndi manja awiri. Za uloya n'chimodzimodzi: ndi zaka zina zitatu pamwamba pa digiri yoyamba, ndipo sakakamiza kuti yoyambayo ikhale ya criminal justice.

Chenjeraninso ndi masukulu abizinesi amene amadzitsatsa pa intaneti usiku ndi usana. Corinthian Colleges inatsekedwa mu 2015, ITT Tech mu 2016, ndipo onsewa ankaphunzitsa criminal justice. Ophunzira ambirimbiri anatsala ndi ngongole komanso maphunziro amene masukulu ena ankakana kuwawerengera.

Ndiye kodi zanga zinabwerera? Inde, koma mochedwa, ndipo chifukwa chakuti ndinalipira zochepa. Ndikanalipira mtengo wa wophunzira wakunja, bwenzi pano ndikulirabe. Akanakhala mwana wanga, ndikanamuuza atenge za chitetezo cha makompyuta kapena zowerengera ndalama, maphunziro a milandu awaike pambali ngati owonjezera. Amayi, nditumizireni dzina la kosi yeniyeniyo ndi mtundu wa viza, tione limodzi musanasaine chilichonse. Ine ndikagone, mawa m'mawa ndili ndi anthu kukhoti.