Tijambule handpan, chida chachitsulo cholira mofatsa

[Manja awiri akugunda handpan pang'onopang'ono. Kamera ikutsikira pa pepala loyera.]

Mwamva kulira kwakeko? Ambiri amamvera chida ichi akafuna kukhazika mtima pansi kapena kusinkhasinkha. Enafe tikachikonda chinthu, dzanja limayabwa kufuna pensulo. Lero tijambula handpan.

Tiyambe tachidziwa. Chinabadwira mumzinda wa Bern ku Switzerland m'chaka cha 2000. Anachipanga ndi Felix Rohner ndi Sabina Schärer a kampani ya PANArt, omwe poyamba ankasula steelpan, ng'oma zachitsulo zija za ku Trinidad. Anachitcha Hang, kutanthauza dzanja m'Chijeremani cha ku Bern. Dzina loti handpan linabwera pambuyo pake, ena atayamba kupanga zofanana nacho. Ndi mbale ziwiri zachitsulo zovundikirana, zomatidwa m'mphepete: kutambalala masentimita 52, msinkhu 24. Manambalawa akuuzani kale kuti msinkhu usapitirire theka la kutambalala. Mukaukweza, chikhala mpira.

[Pensulo ikuyamba kuyenda.]

Musalembe bwalo lenileni. Chidacho chikakhala pamiyendo pa woimba, ife timachiona cha m'mbali, ndiye mphepete mwake imaoneka ngati dzira logona. Lembani mopepuka, dzanja lizungulire kangapo pensulo isanakhudze pepala.

Pamwamba penipeni pali kanundu kotchedwa Ding, kamene kamalira mozama kuposa ponse. Mokazungulira muli malo ogundapo, kawirikawiri 7 kapena 8, aliwonse ndi kadzenje kake pakati. Apa ndi pamene ndimafuna tichedwepo. Malowa salingana: olira mozama ndi aakulu, olira mokweza ndi aang'ono. Komanso chitsulocho chimapendekera pansi, choncho malo ali kutsogolo kwanu amaoneka otambasuka, am'mbali amapyapyala, akuseri kwa Ding amangosuzumira. Mukawalemba ofanana, chidacho chimaphwatalala ngati chivundikiro. Taonani apa ndikupyapyalitsa la kumanzereli, nthawi yomweyo chitsulo chatukuka.

Bowo la kunsi, lotchedwa Gu, silioneka. Lisiyeni.

[Burashi ikuviikidwa m'madzi.]

Penti yakuda yokhayokha imapha chitsulo. Ine ndimasakaniza buluu ndi bulauni, pamatuluka kutuwa kwamoyo, kenako ndimadontheza kachikasu pang'ono, chifukwa zida zambiri zimakhala ndi kamtundu ngati ka mkuwa kochokera ku moto wochipsereza. Ngati mukugwiritsa ntchito penti yamadzi, pomwe pakuwalira musiyepo pepala loyera kuyambira pachiyambi, chifukwa mukapakapo kuyerako sikubwereranso. Ndipo yang'anitsitsani ichi: kuwala kukachokera kumanzere, kanundu kamawala kumanzere, koma kadzenje kamawala kumanja, mthunzi wake uli kumanzere. Kasinthidwe kakang'ono kameneka ndi kamene kamauza diso kuti apa patukuka, apa palowa.

Tsopano manja. Woimba sakanikiza chitsulo, amangochigunda ndi nsonga ya chala kapena m'mbali mwa chala chachikulu n'kuchotsa msanga, apo ayi kulirako kumazima. Choncho chala ndimachijambula chili m'mwamba pang'ono, chitangochoka kumene, kamthunzi kake kali pa chitsulo. Mkono ukhale womasuka, mapewa otsika. Kumbuyo kwa woimba sindiikako zambiri, kamtundu kamodzi kosungunuka ndi madzi basi.

[Burashi ikuika kamthunzi pansi pa chala. Handpan ikuliranso.]

Lisiyeni pepalalo liume kaye musanafufute mizere ya pensulo.