Makonsati a m'holo ya tchalitchi kuno ku Scotland

Moni nonse amene mukumvera, kaya muli m'basi, kaya mwangoweruka kumene ku shifiti ya usiku. Lero za visa ndi za lendi tizisiye kaye. Ndikufuna ndikuuzeni chimene chimanditulutsa m'nyumba nyengo yachisanu kuno ku Scotland, kumene mu Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane.

Katauni kamene ndimakhala n'kakang'ono, msewu waukulu ndi umodzi basi. Koma kuyambira Okutobala mpaka Malichi, mwezi uliwonse m'holo ya tchalitchi mumachitika konsati. Mwezi uno akabwera a chamber music, wamawa kumabwera a jazz. Oyendetsa zonsezi ndi komiti ya anthu ongodzipereka, ambiri ndi opuma pantchito, ndipo palibe amalandirapo kanthu. Ndalama zake ndi za matikiti, za anthu olipiriratu nyengo yonse, ndi kangachepe kamene amapempha ku mabungwe othandiza zaluso. Ine ndinalowamo chifukwa cha mipando. Mayi wina wachikulire woyandikana nane nyumba anaona kuti msana wanga ukadali wolimba, ndiye anandipempha kuti ndizikawathandiza kuyala mipando. Malipiro anga ndi kulowa ulere.

Amene simunamvepo chamber music, ganizirani anthu anayi atakhala moyang'anana: awiri ali ndi vayolini, mmodzi viola (yokulirapo pang'ono kuposa vayolini), wina cello (yaikulu, yoimika pansi). Woimbitsa wogwedeza kandodo palibe, maikolofoni palibe. Poti holo yathu ndi yaing'ono, umakhala nawo pafupi kwambiri moti umamva wa vayolini woyamba akukoka mpweya m'mphuno, ndipo mpweya umenewo ndiwo umauza anzake kuti tiyeni tiyambe. Joseph Haydn, amene anabadwa mu 1732 n'kumwalira mu 1809, ndiye anakhazikitsa kaimbidwe ka anthu anayika, ndipo analemba nyimbo zotere zoposa 60. Zinali zoti ziziimbidwa m'chipinda, pakati pa anthu ochepa. N'chifukwa chake ine ndimati katauni ngati kathu kamazimva bwino kuposa maholo aakulu a ku Edinburgh, kumene oyimba umawaonera patali.

Pali lamulo lina losalembedwa: nyimbo imodzi imakhala ndi zigawo zitatu kapena zinayi, ndipo chigawo chikatha suyenera kuwomba m'manja, umadikira mpaka yonse ithe. Pakatipo anthu amangotsokomola. Kunena zoona lamuloli silindisangalatsa kwenikweni, ndipo si lakalekale monga ena amaganizira. Mu 1778 wopeka nyimbo wotchuka uja Mozart ali ku Paris analembera bambo ake kalata yosonyeza kukondwa kuti anthu ankawomba m'manja nyimbo yake ili mkati. Ndiye chimandiseketsa n'choti mwezi wotsatira, agogo omwewo, pamipando yomweyo, akabwera a jazz amawomba m'manja woyimba aliyense akamaliza mbali yake, ena mpaka kukuwa. Mu jazz gulu lonse limayamba laimba kaye nyimboyo, kenako wa saksofoni amaitenga n'kupita nayo kumene akufuna, akupeka pomwepo, akatha amasiyira wa piyano, wa besi, wa ng'oma, pomaliza onse n'kubwerera pamene anayambira. Ukamva nyimbo imodzimodzi masiku awiri otsatizana, siituluka chimodzimodzi.

Tsopano imene inandigwira mtima kwambiri. Usiku wina, woyimba cello, asanayambe, anatifotokozera za amene analemba nyimbo yomwe ankati aimbe, Antonín Dvořák. Bamboyu anali wa mtundu wa Czech. Mu 1892 anapita ku New York kukatsogolera sukulu ya nyimbo, malipiro ake abwino zedi, koma mtima unali kwawo. Chilimwe cha 1893 anatenga banja lake ulendo wautali wa pasitima mpaka ku Spillville, kamudzi ka m'boma la Iowa kumene kunkakhala anthu a kwawo amene anasamukira ku America. Kumeneko ankalankhula chinenero chake mumsewu, m'mawa n'kumakaimba limba m'tchalitchi chawo. M'milungu iwiri ndi masiku ochepa analemba nyimbo ya anthu anayi imene lero imadziwika kuti "American". Mu 1895 anabwerera kwawo.

Anzanga muli kunjanu, nkhani imeneyi mukuidziwa: ntchito ilipo, ndalama zikulowa, koma umafunafuna pokakhala poti ulankhule osayamba waganiza kaye mawu. Nditakhala pampando umene ndinayala ndekha, ndinkamva munthu amene anadutsa m'zomwezo zaka zoposa 130 zapitazo.

Dvořák yemweyo, ali ku New York, ankamvetsera mnyamata wakuda wophunzira pasukulupo, Harry Burleigh, akumuimbira nyimbo zauzimu za anthu akuda a ku America, ndipo ananena poyera kuti tsogolo la nyimbo za dzikolo liyenera kumangidwa pa nyimbo zimenezo. Ena sanagwirizane naye. Sizinatenge zaka zambiri, jazz inaphuka ku New Orleans pakati pa anthu akuda omwewo. Choncho amene amadandaula kuti komiti ikusakaniza zinthu zosayenderana, ine sindili nawo.

Mavuto alipo. Piyano ili ndi nsambo pafupifupi 230, ndipo holo ikazizira n'kutenthedwanso, nsambozo zimasokonekera, ndiye konsati iliyonse yofuna piyano pamafunika kuitana woitchuna. Onjezanipo ndalama zotenthetsera holo ndi malipiro a oyimba. Za hotelo iwalani, oyimba amagona m'nyumba za anthu a komiti. Koma chimene chimawasowetsa tulo a komiti ndi imvi: ukaima kumbuyo kwa holo, mitu yambiri ndi yoyera. Ana asukulu amalowa ulere, komabe amabwera owerengeka, ndipo ambiri mwa iwo amachita kukokedwa ndi agogo awo.

Nthawi zambiri munthu wakuda m'holomo ndimakhala ine ndekha. Poyamba nthawi yopumira inkatha ndikuyankha funso loti ndinachokera kuti. Masiku ano amandifunsa ngati ndayatsa mahita, ndiponso ngati mzere wakutsogolo ndasiya malo a njinga za olumala.

Mwezi wamawa ndi wa jazz, ndipo ine ndi amene ndikukatenga wa besi kusiteshoni ya sitima. Besi imeneyo ndi yaitali pafupifupi ngati munthu wamkulu, galimoto yanga ndi kaja kakang'ono, ndiye madzulo ano ndikukayeza ndi tepi ngati ingalowe nditagonetsa mipando. Ngati kumene mukukhala kulinso makonsati otere, nditumizireni uthenga wa mawu, ndidzauseweretsa m'pulogalamu yotsatira. Zikomo pomvera, tsalani bwino.